Chipolopolo Chachiwiri

Pa zaka zonse zimene ndagwira ntchito ya upolisi, sindinaonepo munthu wovomera mlandu mwaulemu ngati a Zakeyu Muhoko. Anthu ambiri amayamba akana, kulumbira pali Mulungu, n'kudzavomera atatopa. Koma bambo awa anafika Loweruka madzulo atakwera kumbuyo kwa galimoto la bwana wawo, sitetimenti ili kale m'manja, yotayipa bwinobwino m'Chingerezi. Munthu woti sukulu analekeza Sitandade 3.

Ine ndine Enid Namaona, wofufuza milandu kuno ku Thyolo, ndipo nkhaniyi anandipatsa Lamlungu m'mawa. Pa esiteti ya tiyi ya Namilulu, kuseri kwa damu, pali bwalo lakale lowomberapo chandamale limene anasiya azungu. Loweruka cha m'ma 3 koloko masana, chipolopolo chochokera pabwalopo chinadumpha khoma la dothi n'kukalasa mayi wina amene ankathyola tiyi m'munda wa nambala 9. Khadi ya ntchito imene anaipeza m'khosi mwake inali ya Teleza Mpasula. Anali ku chipatala, sakuyankhula. Sitetimenti inkati a Zakeyu, amene amasamalira bwalolo, ankapukuta mfuti ndipo inalira kamodzi mwangozi.

"Munthu wavomera, mfuti ilipo," anatero bwana wanga. "Mawa m'mawa akaonekere ku khoti. Ngati pali chimene chikukuvutani, muli ndi lero lokha."

Chondivuta chinalipo. Ine ndinabadwira m'malaini, m'tinyumba ta antchito a pa esiteti, ndipo ndikudziwa mmene munthu wa kwathu amayankhira bwana akamuuza kuti saina apa. Akangoima pamaso pa woweruza n'kunena kuti ndavomera, basi zatha, bambo wa zaka 61 akalowa m'ndende ndipo mwina sadzatulukamo wamoyo.

Ndinawaitanitsa mu ofesi. Anali bambo wowonda, wa imvi za apo ndi apo. Anakhala m'mphepete mwa mpando ngati akuopa kuudetsa.

"Bambo, pabwalopo mwagwirapo zaka zingati?"

"Twenty-two, mayi. Ndinayamba nthawi ya azungu aja."

"Ntchito yanu n'chiyani kwenikweni?"

"Kutchetcha, kukhoma mapepala a chandamale, kutola timakoko ta zipolopolo. Tsiku lowombera ndimakweza mbendera yofiira, n'kumenya chitsulo katatu kuti otchola tiyi atuluke mu nambala 9, poti mundawo uli kuseri kwa khoma."

"Dzulo munamenya chitsulocho?"

Anayang'ana pansi. "Sindinamenye. Mabwana anabwera mwadzidzidzi. Ndinanena kuti anthu akadali m'munda mpaka nthawi yopima masamba pa sikelo, 4 koloko, koma anati khoma ndi lalitali, ndisawasokoneze anthu pa ntchito nyengo ya masamba ambiri ino. Kulakwa ndi kwanga, mayi. Ndikanalimbikira."

Ndinatsegula kabati n'kutulutsa mfuti ija. Inali pisito yaikulu, yakuda, yolemera ngati nkhwangwa. Zipolopolo ndinali nditachotsamo kale. Ndinawapatsa.

"Ndisonyezeni mmene munkapukutira."

A Zakeyu anailandira ndi manja awiri otambasula, atawerama pang'ono, monga mmene munthu amalandirira mphatso kwa apongozi. Anaitembenuza uku, kuitembenuza uku. Anakoka kansonga ka malaya n'kuyamba kuisisita pamwamba.

"Chotsani poika zipolopolo."

Anafufuza ndi chala, osapeza.

"Ikokeni, ngati mukufuna kuwombera."

Anakoka pamalo polakwika. Thukuta linayamba kuwatsika m'masaya. Zaka 22 pabwalo lowombera, koma palibe bwana ndi mmodzi yemwe amene anawalolapo kukhudza mfuti. Mtima unandiwawa, ndipo ndinapsa nawo mtima panthawi imodzimodziyo.

"Bambo, akulonjezani chiyani?"

"Palibe, mayi."

"Munthu amene walasidwa mukum'dziwa?"

"Akuti ndi Teleza, wa ku malaini akumtunda. Sindim'dziwa bwino. Bwana akuti changomukhula pang'ono, achira." Anandibwezera mfutiyo ndi manja awiri omwewo. "Ndine ndinawombera, mayi. Lembani choncho."

Poibwezera m'kabati ndinaiyang'anitsitsa kumbuyo, pa chitsulo chapamwamba chimene chimabwerera mfuti ikalira. Pakona pake panali kadontho kouma, kofiirira. Manja a a Zakeyu ndinali nditawaona onse awiri, ndipo analibe bala.

* * *

Mwini mfuti anali a Everson Likongwe, mnzawo wa manijala wa esitetiyo, a Douglas Kambalame. Ndinawapeza ku nyumba ya alendo ya pa esiteti akulongedza katundu m'galimoto, ndipo ndinawapempha kuti ulendo wa ku Limbe uyambe wadikira, tipitire limodzi ku bwalo.

Mvula inali itangokata. Bwalolo ndi kachigwa kotchetchedwa bwino, thebulo la simenti mbali ino, khoma la dothi mbali inayo, ndipo kuseri kwake tiyi wobiriwira kutsetsereka mpaka kumtsinje. A Everson anali munthu wa chifuwa chachikulu ndi mawu a pa perete.

"Madam, ine ndinali msilikali, twenty years. Pano ndili ndi kampani ya alonda, ndipo mfuti zanga zonse zili ndi mapepala, mukhoza kuona."

"Munabwera nazo kudzatani kuno?"

"Douglas ndi mnzanga wa ku sekondale. Wabwera kuno chaka chatha kuchokera ku Lilongwe, nde akuti Loweruka limamutalikira. Gofu sakonda, mowa dokotala anamuletsa. Ataona bwaloli anati akufuna masewera owombera chandamale, ndimuthandize kusankha mfuti asanakapemphe laisensi. Ndinabweretsa zitatu kuti aone."

Anamenya thebulo katatu ndi chikhatho, kusonyeza pamene anaziyala.

"Apa twenty-two. Ndinamuuza kuti aise, yambira apa. Siikankha, siigonthetsa m'khutu, ukhoza kuwombera tsiku lonse dzanja osatopa. Apa nine mili, yapakatikati. Apa forty-five, imene mwasunga ija. Ngakhale mfuti ya mpweya ndinamutchulira. Ndinati for sport imakwana, pepala silifuna chipolopolo chachikulu kuti liboke."

"Iwo anakonda iti?"

"Douglas anati twenty-two ndi ya ana owombera mpheta." Anaseka pang'ono, kenako anakumbukira kuti si nthawi yoseka.

Anthu odziwa chinthu amakonda kuphunzitsa, ndipo ukadzipusitsa amakuuza zambiri kuposa zimene unafunsa. Ndinadzipusitsa.

"Ine zazikuluzi sindizidziwa, bambo. Yaikuluyo ili ndi vuto lanji kwa wophunzira?"

"Eee, madam, imeneyo si yoseweretsa. Ikalira imakankha, mphuno yake imadzuka m'mwamba. Wophunzira akadzidzimuka amafinya chala osadziwa, ndipo poti imadzikoka yokha, chachiwiri chimatuluka pompo, mfuti ikuloza kumwamba. Komanso ambiri amaigwira ndi manja awiri, chala chachikulu n'kuchipingasa kumbuyo. Chitsulo chapamwamba chija pobwerera chimacheka chalacho. Ife timati yamuluma."

"Ndiye a Douglas inawaluma?"

Anayang'ana ku damu.

"Douglas sanaiwombe. Anangoigwira basi. Tinawombera zing'onozing'ono zija, yaikuluyo sinalire konse. Tinaisiya apa kuti mdala uja aipukute, ife tikupita ku galimoto. Kenako tinangomva phaa, kamodzi."

"Munthu wogwira usilikali zaka makumi awiri kusiya mfuti yodzaza pathebulo kuti wotchetcha udzu aipukute?"

"It was a mistake, madam."

Pambali pa bwalo pali kanyumba kamalata kosungiramo zikwanje ndi mapepala. Ndinalowamo. Pashelefu panali zitini zakale za mkaka zondandalikidwa bwino, chilichonse ndi timakoko ta kukula kwake. Ndinaseka ndekha mosafuna. Munthu atalasidwa, mabwana akuthamangathamanga kukonza bodza, a Zakeyu anachita zimene manja awo anazolowera kwa zaka 22. Anatola timakoko tonse, n'kutisankhula, n'kutiika m'malo mwake. M'chitini chomaliza, pamwamba pa takale todera, panali timakoko tiwiri tatikulu tonyezimira.

Pepala la chandamale la dzulo linali lopindidwa pansi pa mwala. Linali ndi timabowo tambiri tating'ono, ndi bowo limodzi lalikulu kumunsi, loti chala changa n'kulowa.

Ndinatuluka nazo n'kuziyala pathebulo paja.

"Mfuti yolira mwangozi m'manja mwa wopukuta yaboola chandamale, kenako yaliranso kachiwiri. Tandiphunzitsani imeneyi, bambo."

A Everson anapukuta kumaso ndi chikhatho.

"Madam, laisensi yanga ndi imene ikudyetsa alonda forty ndi mabanja awo. Ndikanena kuti ndinapatsa mfuti munthu wopanda pepala, kampani yatha. Zimene ndanena ndi zomwezo. Mdala uja wavomera yekha."

* * *

Nyumba ya manijala ili pamwamba pa phiri, pamene munthu amaona minda yonse atakhala pakhonde. A Douglas Kambalame anali atangobwera ku tchalitchi, akadali ndi taye m'khosi. Anali munthu wa zaka za m'ma 40, wooneka bwino, koma maso ake anali ofiira ngati sanagone. Anandipatsa mpando, n'kuitanitsa tiyi amene sindinamwe.

"Ndi tsoka lalikulu, officer. Kampani isamalira zonse za ku chipatala. Mdala uja tim'pezera loya wabwino, ndipo banja lake silichoka m'nyumba ya esiteti ngakhale iye atamangidwa. Ndalonjeza zimenezo, I gave him my word."

Ndiye lonjezo lake linali limeneli. Nyumba ya zipinda ziwiri, ya malata odontha, imene munthu amatulutsidwamo tsiku lomwe ntchito yatha.

"Sitetimenti yawo anatayipa ndani?"

"Ndinamuthandiza. Salemba bwino."

"Mfuti yaikulu ija munaikonda, eti?"

"Ndinangoiyang'ana. Everson anandilangiza kuti ndiyambe ndi yaing'ono, ndipo ndinamvera."

Nthawi yonseyi dzanja lamanzere linali m'thumba. Koma kapu ya tiyi wotentha yokhala ndi sosala siinyamulika ndi dzanja limodzi. Analitulutsa. Chala chachikulu chinali chokulungidwa ndi pulasitala watsopano, kuyambira pakati mpaka patsinde.

"Mwavulala, bwana."

"Ah, ichi? Lachisanu ndikuyendera minda ndinapeza anyamata akudulira tiyi. Ndinati ndiyese mpeni wawo, nde unanditerereka."

Apa ndiye ndinaleka ulemu wonse. Bambo anga anadulira tiyi zaka makumi atatu mpaka msana unapindika. Tiyi amadulira nyengo yozizira, masamba akaleka kuphuka, ndipo ikafika Ogasiti mipeni yonse imawerengedwa n'kutsekeredwa ku sitolo mpaka chaka chinacho. Mu Januwale, mvula ikugwa, tiyi akuphuka usiku ndi usana, munthu wopezeka akudula chitsamba cha tiyi amachotsedwa ntchito tsiku lomwelo. Mwana aliyense wa m'malaini amadziwa zimenezi. Bwana uyu tiyi ankamudziwira pa kompyuta.

"Ankadulira munda uti, bwana, mu Januwale muno?"

Anaika kapu pansi, n'kuphimba chalacho ndi dzanja linalo.

"Tamasulani pulasitalayo ndione."

"Officer, ndikuganiza kuti tsopano muziyankhula ndi loya wa kampani."

Ndinaimirira. Walira mvula walira matope, ndinafuna kumuuza choncho, koma ndinameza. Nditafika pa masitepe anandiitana, mawu atasintha, atachepa ngati a munthu wina.

"Officer. Mayi uja... achira?"

"Dzina lake mukulidziwa?"

"Teleza. Teleza chakuti. Nambala 412."

Ndinatsika phirilo ndikudziwa bwinobwino amene anawombera, komanso ndikudziwa kuti kudziwa kwangako sikungandifikitse patali. Magazi a pamfuti akapita kukapimidwa, zotsatira zimabwera patapita miyezi. Mabwana awiri ankanena chimodzi, ndipo wosauka mmodzi ankavomereza. Mawa m'mawa a Zakeyu akanati ndavomera, timakoko tanga tiwiri tikanangokhala m'envelopu.

* * *

Ndinapita ku malaini akumtunda kuti ndikaone abale a wovulalayo, komanso kapitawo amene ankayang'anira gulu lothyola mu nambala 9. Kapitawoyo, a Justice, ndinawapeza pansi pa mtengo wa mapeyala akumata chubu cha njinga. Atangoona galimoto la polisi anaimirira chubu chili m'manja.

"Eee, amayi, takulandirani, takulandirani. Ife kuno zatigwera. Ndinali pomwepo ine, ndi maso angawa. Zimalira bwinobwino, imodzi-imodzi, phe, phe, ngati mwana akuswa nsungwi. Ife tinati mabwana akusewera, poti chitsulo sichinalire nde kuti kulibe choopsa. Kenaka kunamveka chinachake chachikulu, guu-guu, kawiri kophatikiza. Ndikuti nditembenuke, mayi uja wagwa, dengu lili kumsana."

"Kawiri?"

"Kawiri, amayi. Ngakhale mukafunse gulu lonse."

"Chabwino. Ndiperekezeni kunyumba kwa a Teleza, ndikaonane ndi abale awo."

Nkhope inasintha. "Aaa, kumeneko kulibe munthu. Onse ali ku chipatala. Mungotaya nthawi yanu, amayi. Bwanji mukhale apa ndikuitanireni ena amene anaona?"

"Nyumba yake ndi iti?"

"Kuli matope kumeneko, nsapato zanuzo..."

"Bambo, ine ndinakulira m'matope omwewa. Nyumba yake ndi iti?"

Analoza ndi mlomo, osasuntha mwendo.

Inali nyumba yachinayi pamzere. Chitseko chinali chotseka, koma pakhonde panali lichero la nkhwani wosadzula theka, akadali wauwisi. Ndinaodira kawiri, zii. Ndinakankha chitseko. M'katimo, pamphasa, munakhala mayi wachitsikana wa pakati potopa, mapazi otupa ngati mikate, maso otupanso ndi kulira.

"Ndikufuna abale a Teleza Mpasula."

Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana.

"Teleza ndine."

Ndinakhala pansi pamphasa pomwepo. Kenako zonse zinandibwerera, chifukwa mayi anga omwe ankachita zimenezi. Munthu akadwala nyengo ya masamba sajomba, poti ukajomba masiku angapo malo ako amapatsa wina, ndipo nyumba imapita limodzi ndi malowo. Ndiye umaitana mbale kapena mnzako wa kumudzi, kum'veka khadi yako m'khosi, iye n'kukathyola pa nambala yako. Kapitawo amadziwa, gulu lonse limadziwa, ofesi yokha ndi imene siidziwa.

"Anakuthyolerani ndani dzulo?"

"Mnzanga, Sellah. Wa ku Chimaliro. Tinakulira limodzi. Anabwera Lachisanu ataona kuti miyendo yandikanika." Analira mokweza. "A kapitawo anati tonse titseke pakamwa, ati zikadziwika ine ndichotsedwa, iwonso achotsedwa, gulu lonse lilowa m'mavuto. Nde ku chipatala analembetsa dzina langa. Usiku wonse mnzanga wagona kumeneko ndi dzina langa, mayi ake osadziwa. M'mawa uno ndinalephera kupirira, ndawaimbira foni. Apita kale."

"Kuno ku esiteti Sellah ali ndi mbale?"

"Alipo amalume ake. Amati akawaona lero akaweruka ku tchalitchi, sanawauze n'komwe kuti wabwera, amafuna akawadzidzimutse." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Amakhala kumunsi, ku damu. A Zakeyu."

* * *

Foni inalira ndili m'njira yobwerera. Anali namwino amene ndinamusiyira nambala m'mawa. Anati mayi uja watisiya cha m'ma 2 koloko, madokotala anayesetsa koma chipolopolo chinawononga zambiri m'mimba. Anati mayi ake anamupeza akadali moyo, koma iye sanawazindikire.

Ndinaimitsa galimoto m'mbali mwa msewu, pakati pa tiyi. Ndinkafuna umboni woti ugwedeze a Zakeyu, ndipo ndinaupeza. Koma ndikunena zoona, ndikanakonda ndikanapanda kuupeza. Kwathu kuno mwana wa mlongo wako ndi mwana wako kuposa wobereka wekha. Malume ndiye mwini mbumba. Mwana akadwala woyamba kuuzidwa ndi iye, akafuna kukwatiwa amene amayankha ndi iye, akamwalira amene amaima pamaso pa anthu kunena chimene chachitika ndi iye.

Nditafika ndinawaitanitsanso mu ofesi. Anakhala m'mphepete mwa mpando momwe muja.

"Bambo, mlandu wasintha. Munthu uja wamwalira."

Anatseka maso. Milomo inayenda ngati akupemphera. "Bwana anati changomukhula."

"Anakunamizani. Tsopano ndi mlandu wakupha munthu. Mukuvomerabe?"

Ndinaona kuti akuwerenga mumtima, mkazi, zidzukulu, nyumba ija.

"Ndinasaina kale, mayi. Munthu wamkulu sabweza mawu."

"Pali chinanso. Amene anali m'munda muja si Teleza. Teleza ndamusiya kunyumba kwake, ali moyo. Panali wina amene ankathyola pa nambala yake."

"Ndani?"

Ndisanayankhe, kunja ku kauntala kunamveka kulira kwa mayi, kulira kwa maliro, kosakaniza Chilomwe ndi Chichewa. A Zakeyu anadzutsa mutu. Anatchera khutu. Ndinaona nkhope yawo ikusintha pang'onopang'ono, chifukwa munthu salakwitsa mawu a mlongo wake.

"Anesi?" ananong'ona. "Anesi akudzatani kuno?"

Chitseko chinatseguka wapolisi wa pa kauntala asanawagwire. Analowa mayi wamfupi, duku litamasuka, matope mpaka m'mawondo. Atangoona a Zakeyu anadzigwetsa pamapazi pawo.

"Achimwene! Mwana wanu wapita! Sellah wapita, achimwene, amuwombera ngati nyani m'munda!"

A Zakeyu sanalire.

"Kuyambira m'mawa ndikukuimbirani, foni yozima. Ndafunsa anthu a ku esiteti ku chipatala kuja, akuti muli ku polisi pa nkhani yomweyi. Ndinati ee, amalume ake ayamba kale kulondola, mwana wanga sanafe ngati wopanda mwini." Mayi Anesi anawagwira mawondo. "Kumudzi sindinatumize uthenga, ndingayambe bwanji inu kulibe? Tiyeni mukamuone. Koma poyamba ndiuzeni, munthuyo am'gwira? Akusonyezani? Ndikufuna ndimuone nkhope."

Ine ndinali ndi mawu ambiri, koma sanali anga oti ndinene.

Mayi Anesi anali akadali chogwada, ndipo maso awo anatsikira pansi. Anaona mapazi a mchimwene wawo pa simenti, opanda kanthu. Anaona dzanja limene linagwira buluku m'chiuno, poti aliyense wolowa m'chitokosi timamulanda lamba ndi nsapato. Analeka kulira. Anabwerera m'mbuyo pang'ono.

"Achimwene, nsapato zanu zili kuti?"

Pamenepo m'pamene bambo aja anasweka. Anatsika pampando n'kukhala pansi, moyang'anizana ndi mlongo wawo.

"Si ine, Anesi. Pali Mulungu, si ine. Ine mfuti sindinaigwirepo chibadwire." Anatembenukira kwa ine, misozi ikutsikira m'ndevu. "Mayi, pepala lija ling'ambeni. Tengani lina. Anawombera ndi bwana Kambalame. Mnzawo anawaletsa, anati tengani yaing'onoyi, iwo anati ayi, akufuna ya amuna. Inalira koyamba, inawadumpha m'manja, n'kuliranso ikuloza kumwamba, chala chawo chili magazi okhaokha. Titamva kukuwa kuseri kwa khoma, anandiitanira m'galimoto. Anati Zakeyu, iwe wakalamba, woweruza akumvera chisoni, miyezi ingapo basi, koma ine ndikagwa tonse tagwa. Anati nyumba ikhala yako mpaka imfa. Anati ndi mayi wina wake wa ku malaini akumtunda, changomukhula."

Ndinatenga pepala latsopano. Ndinalemba liwu lililonse monga analinenera, m'Chichewa. Ndinatuma wapolisi kuti akakonze galimoto, tikatenge manijala ndi mnzake dzuwa lisanalowe, ndipo wina ndinamutuma kuti akabweretse lamba ndi nsapato.

Mayi Anesi anamvetsera zonsezo osagwedezeka. Atamaliza kusaina, a Zakeyu anatambasula dzanja kuti awagwire paphewa, koma iwo anasendera kutali.

"Ndiye kuti munavomera," anatero motsitsa mawu.

"Sindinadziwe kuti ndi Sellah, mlongo wanga. Ndikanadziwa..."

"Ndamva. Simunadziwe." Anamanga duku lawo pang'onopang'ono, n'kuimirira. "Nanga akanakhala Teleza, achimwene? Teleza alibe mayi?"

A Zakeyu anayang'ana pansi. Nsapato zinabwera, wapolisi anaziika patsogolo pawo, koma sanazivale msanga. Mlongo wawo anali atatuluka kale, akulowera ku chipatala yekha.